Mizere Itatu pa Boti la Bwana Liwiro

Ine Geresomo ndinapukuta boti pa doko la Chiromo zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye munthu asandiuze kanthu za madontho a madzi. Madzi a Shire ndi achipongwe. Akadumphira pa vanishi n'kuumira padzuwa amasiya timawanga toyera ngati zipere pamutu pa mwana. Mbuli imathamangira mchenga ngati ikutsuka mphika, boti n'kutuwa lonse. Ine ndinkafinyira mandimu m'madzi a mvula a mumtsuko, kupukuta ndi kansalu kakale kofewa, n'kuumitsa msanga dzuwa lisanaonepo. Pokalika pamafuna phulusa la zitsononkho losefa pansalu kawiri, kulisakaniza ndi mafuta a nsatsi, n'kumatikita ndi chala chachikulu kutsata mmene thabwa lagonera. Ukamaliza umapakapo vanishi pang'ono ndi nthenga ya nkhuku.

Botilo linali la kampani ina yogula thonje, kasitima kakang'ono koyendera nkhuni, ka matabwa ofiirira. Woliyendetsa anali mzungu amene tinkamutcha Bwana Liwiro, chifukwa munthu ameneyo ngakhale mumtsinje mutagwa nkhungu yosaona dzanja lako, ankalamula kuti awonjezere nkhuni. Boti limenelo ankalikonda kuposa munthu aliyense wa miyendo iwiri. Kadontho kamodzi akakapeza, tsiku lonse ndinali galu.

Mlongo wanga Anastazia anakwatiwa kumunsi kwa mtsinje ndi Kalisto, msodzi, ndipo anali ndi ana awiri aakazi, Juliana ndi Leah. Kwa a Kalisto ndi kwa anthu olowola: mkazi amakhala kwa mwamuna, ana ndi a kuchimuna. Mwezi wa Juni, m'mawa wina wa nkhungu, Kalisto anapita kukavuula miono ndipo sanabwerenso. Bwato lake, kwaoko amati mwadiya, linapezeka m'bango litang'ambika mphuno. Thupi sitinaliwone. Ng'ona za pamenepo sizidikira maliro.

Asodzi awiri anati anamva injini ndi kuphulika kwa thabwa, koma atafunsidwa ngati anaona ndi maso, anayang'ana pansi. Bwana Liwiro anati iye anaona mvuu basi. Ndiye apongozi ake a Anastazia, a Paison, bambo ake a Kalisto, anagwira mawu a mvuuwo ndi manja awiri. Paja dzulo lake la ngoziyo Kalisto ndi mkazi wake anakangana pa za ukonde, ndipo mlongo wanga, pakamwa pake ndi pangati panga pomwe, anakuwa mudzi wonse ukumva kuti, "Pitani, madzi akudyeni." Ndi mkazi uti sananenepo zotero? Koma a Paison anati mvuuyo inali yotumidwa. Anapereka masiku: mwezi ukaoneka, Anastazia anyamule mphasa yake abwerere kwathu, ana atsale.

Anastazia anabwera pa doko wapansi, mapazi atatupa, n'kukhala pamulu wa nkhuni.

"Achimwene, Leah akuyamwabe," anatero. "Akuti amusiyitsa okha."

Mtima unkandiwira, koma wouwirira ndani? Mvuu?

Tsiku lomwelo kapitawo wathu Elisha anandiitana. Ameneyu anali munthu woti mzungu akayetsemula iye ndi amene amapukuta mphuno yake. Anati wansembe wa ku mishoni walembera kalata ku boma za zimene asodzi aja anamva, ndiye bwana wa ku boma abwera Lachinayi masana kudzaona boti. Bwana Liwiro akufuna liwale ngati latsopano, makamaka kutsogolo, mbali ya kumanzere. Kuyambira tsiku la nkhungu lija botilo analikocheza mbali imeneyo itayang'ana kubango, ndipo ine anandiletsa kupitako, ati kuli ng'ona.

Ndinalowa m'madzi mpaka m'chiuno n'kuzungulira. Madontho anali mbwee, koma amenewo ndi ntchito ya tsiku lililonse. M'munsi mwake munali mizere itatu yoyera, yotalika ngati mkono wanga, yoyenda limodzi. Iwiri inali yowongoka. Wachitatu unali wokhotakhota.

Chaka cham'mbuyo mwake mphuno ya bwato la Kalisto inang'aluka, ndipo ndine ndinamupatsa chidutswa cha chitini cha palafini kuti tiphimbepo. Ndine ndinakhoma misomali itatu ya m'mphepete, kuyeza mipata ndi zala zangazi. Wachitatu unapindika, Kalisto n'kumaseka kuti, "Mlamu, inu ndi wa nthenga ya nkhuku, nyundo siyanu." Ndinaika zala pa mizere ija ndipo zinakwanira ndendende.

Mvuu ya misomali itatu munaiona kuti inu? Ndiye galu wa munthu ameneyo, atapha mlamu wanga, akufuna kuti ine, ine ndemwe, nditenge phulusa langa ndi chala changa ndifufute. Kukana sindikanatha. Ndikanakana, Elisha akanatenga mchenga kunja kusanade n'kupalapo, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinatuluka m'madzi n'kunena kuti, "Akapitawo, zimenezo n'zazing'ono, pofika Lachinayi mudzadziyang'anirapo nkhope."

Pali chinthu chimodzi chimene wopukuta boti aliyense amadziwa ndipo mwini boti sadziwa. Vanishi wokalika akanyowa, mzere umasowa. Madzi amalowamo, kuyera kuja kumazimirira, diso silipeza kanthu. Ukauma umabwerera mwakale. Chinanso, pa ntchito yathu tinkapachika masaka onyowa m'mbali mwa boti kuti dzuwa la kuno kuchigwa lisaphulitse vanishi, ndipo palibe amene ankafunsa chifukwa chake.

Ndinatuma mayi Otilia, ogula nsomba kumudzi kwa a Paison, kuti akanene mawu awa osachotsera: "Geresomo akuti ngati ndinu bambo wa Kalisto zoona, bwerani pa doko Lachinayi masana ndi mphuno ya bwato ija. Ngati mukuopa kuchita manyazi, khalani." Ndinadziwa kuti mkulu wodzikuza ngati ameneyo mawu otere sangagone nawo.

Masiku awiri ndinapukuta madontho onse, limodzilimodzi, mandimu mpaka zala kuwawa. Mizere ija sindinaikhudze. Lachinayi m'mawa ndinathirapo madzi, Bwana Liwiro anabwera pa kabwato, nasuzumira, nasisita ndi dzanja. Sanaone kanthu. Anandiponyera ndudu imodzi. Ndinapachika masaka onyowa, ndipo iye mwini analamula kuti boti litembenuzidwe, mbali ya kumanzere iyang'ane kumtunda kuti bwana wa ku boma aone bwino.

Dzuwa lili paliwombo bwana wa ku boma uja anafika, ndi womasulira wake ndi asilikali awiri. A Paison anali ataima kale pansi pa mtondo ndi abale awo, mphuno ya bwato ili m'dengu. Anastazia anakhala patali yekha, Leah ali kumsana. Elisha anakuwa kuti ndichotse masaka. Ndinachotsa pang'onopang'ono, ndikupinda lililonse bwinobwino ngati nsalu ya ku tchalitchi. Azungu awiri aja anali kucheza za njanji. Thabwa linayamba kufuka nthunzi. Mzere woyamba unatuluka, kenako wachiwiri, kenako wokhota uja, yonse yoyera mbuu pa thabwa lofiira.

Bwana Liwiro anasiya mawu pakati. Khosi lake linafiira.

"Bwana," ndinatero kwa womasulira, "auzeni kuti mizere iyi ndi ya misomali ya bwato la Kalisto. Ndinakhoma ndine. Mphuno yake ili apo."

Womasulira ananena. Bwana wa ku boma anawerama, nayang'ana, nakanda mzere umodzi ndi chikhadabo. Kenako anafunsa funso limodzi lokha, ndipo womasulira anachita kulibwereza ali chogwetsa nkhope.

"Akufunsa kuti wopukuta boti limeneli ndani."

"Ndine."

"Akuti boti lililonse pamtsinje pano limakhula zitsa ndi madoko. Akuti iwo aona ntchito ya ulesi basi, ndi wantchito wofuna kubisa ulesi wake ponamizira bwana wake."

Dengu lija bwana wa ku bomayo sanaliyang'ane n'komwe. Munthu wayenda ulendo wonse kuchokera ku boma, dengu lili mapazi khumi, osatembenuza khosi. Anakwera kumtunda kukamwa tiyi ndi mnzake, atasiya mawu akuti ndilandire zikoti zisanu ndi chimodzi, ndipo ndisachoke pa doko mizereyo isanathe.

Asilikali asanandigwire, a Paison anatsika. Analowa m'madzi ndi nsalu yawo yomwe, osaopa ng'ona kapena Elisha amene ankakuwa. Anatulutsa mphuno ya bwato, naika mitu ya misomali pa mizere, nayendetsa pang'onopang'ono kuchokera koyambira mpaka kothera. Msomali wopindika unatsata kukhota konse. Anabwerezanso kachiwiri. Kenako anakhala chiimire m'madzimo, abale awo akusuzumira pamapewa pawo.

Ine sindinawamvere chisoni, ndinene zoona. Ndinati, "Bambo, mvuu yanu ndi imeneyo. Ikalipireni, paja kukalipira mumatha."

Anatuluka, madzi akuchucha, napita pamene panakhala mlongo wanga. Anaima chapatali monga mwa ulemu wa apongozi, nanena mawu ochepa: "Amake Juliana, mwana akupsa ndi dzuwa. Tiyeni kumudzi." Kupepesa sanapepese. Koma anapatsa mkazi wawo dengu, iwo n'kunyamula kamtolo ka Anastazia pamaso pa anthu onse.

Zikoti ndinalandira, Elisha akuwerenga mokweza ngati akuphunzitsa sukulu. Atatha anandikankhira m'madzi ndi chikho changa cha phulusa. Anastazia anakana kuchoka mpaka nditamaliza, ndiye anakhala pamulu wa nkhuni paja akuonerera. Ndinasefa phulusa kawiri. Ndinatikita ndi chala chachikulu kutsata thabwa, msana ukuyaka, mzere woyamba, wachiwiri. Wokhota uja unandivuta, unali wakuya, ndipo ndinkamva Kalisto akundiseka za nyundo. Ndinkafuna kuipitsa dala, kusiyako kachizindikiro, koma manja anakana. Zaka zisanu ndi chimodzi anazolowera ntchito imodzi, ndipo anaigwira mmene amaidziwira. Ndinapaka vanishi ndi nthenga, dzuwa linaumitsa, ndipo panalibenso kanthu.

Bwana Liwiro anatsika madzulo, nasisita pouma, nayang'ana chammbali kufuna pamene panali mizere. Sanapapeze. Anauza Elisha kuti munthu wa manja otere sangamuchotse ntchito, ndibwere mawa m'mawa monga mwa masiku onse.

Ndinatenga mtsuko wa mandimu, chikho cha phulusa ndi nthenga, n'kuziika bwinobwino pamapazi a Elisha. Ndudu ya m'mawa ija inali ikadali kukhutu kwanga, itanyowa. Ndinaiika pamwamba pake. Kenako ndinatenga Leah kwa amake, popeza kumsana sindikanatha kumubereka, ndinamunyamula pachifuwa mpaka pa bwato la a Paison.