Foni Yochepetsa Ana

"Ndiwe wandichepetsa pa foni ya amayi, usakane."

Mzime anali atagwada pansi pa shelefu yake akupukuta fumbi pamene mawuwo anamugwera pamsana. Sanavutike n'kutembenuka. Mkulu wake yekha ndiye ankatha kulowa mu shopu ya eni n'kuyamba mlandu asanapereke moni.

"Mwadzuka bwanji, asisi?"

"Ndadzuka pang'ono, mmene wandichepetseramo. Dzulo ndinapita kukawaona amayi, ndati nditenge foni yawo ndione nthawi, ndikupeza nkhope yanga ili ngati batani la malaya. Achimwene ali chibokosi chachikulu, iweyo chibokosi chachikulu. Ine wakandiponya pansi penipeni, pafupi ndi tochi."

Bambo wina amene ankasankha tchaja pakauntala anaseka, kenako anayamba kutsokomola kuti abise.

Mzime ankagulitsa foni imene anthu ankangoitchula kuti yamatailosi. Ukaiyatsa, pagalasi pake sipankabwera tizithunzi ting'onoting'ono ta m'mizere ngati pa mafoni ena onse. Pankabwera mabokosi amakona anayi, amitundumitundu, ogundana ngati matailosi a m'bafa. Mabokosiwo anali amoyo. La nyengo linkakuuza za mvula usanalifunse, la mauthenga linkaonetsa amene wakulembera, ndipo munthu ankatha kuika nkhope ya m'bale wake pa bokosi lakelake, kungodina nkhopeyo basi foni yayamba kuitana. Palibe anamuphunzitsa Mzime zonsezi. Anazitola yekha, akudinadina nthawi imene makasitomala ankamudutsa kupita kumashelefu a mafoni otchuka.

Ndipo ankamudutsadi. Kampani ya foniyo inali itatsala madzi amodzi, ndipo shelefu ya Mzime inali kuseri kwa chitseko, pamene ankaimika tsache. Mwini shopu anali atanena kale kuti Lachisanu mafoniwo abwerera kwa eni ake, pashelefupo aikapo zikwama za mafoni. Zikwama sizifuna munthu wozifotokozera. Mzime anamva bwinobwino kuti ntchito yake ikwera galimoto limodzi ndi makatoniwo.

"Asisi," anatero akudzuka, nsanza ili m'manja, "foni ija ndinawakonzera ndine, inde. Koma ana atatu tonse ndinatiika ofanana ngati njerwa za chikombole chimodzi. Ndingakhale ndi milandu ina, koma kukondera ayi."

"Ndiye ndinafota ndekha?"

"Mwina. Mukudya bwino koma?"

Mwini shopu anasuzumira kuchokera kumbuyo, magalasi ali pamphuno, n'kufunsa ngati mayiyo akugula kanthu. Mkulu wake wa Mzime anayankha kuti akugula chilungamo, ndipo adikira panja mpaka shopu atseke. Anadikiradi, atakhala pa benchi ya wosoka nsapato, chikwama chili pamiyendo ngati wabwera kudzamanga munthu.

Atafika kunyumba anawapeza amayi awo pa makina osokera, katani ya eni itayalidwa kuchokera patebulo mpaka pansi, mapini atatu ali pakamwa. Foni inali pafupi ndi lumo, itatsamira chitini cha mabatani. Mzime ndiye anawapatsa foniyo, chifukwa maso awo anali atasiya kugwirizana ndi zilembo zing'onozing'ono, ndipo anali atatopa ndi kupempha anthu kuti awaimbire ana awo omwe.

Mkulu uja anatula mlandu wonse osapuma. Amayi anachotsa mapini pakamwa limodzilimodzi, n'kuwabaya pa nsalu.

"Musiye mwana. Ndine."

"Inu? Mumadziwa bwanji?"

"Tsiku lina ndinawodzera chala chili pankhope ya mchimwene wako. Ndikudzidzimuka, bokosi likunjenjemera, pakona patuluka kamuvi. Ndadina kamuviko, mwana uja wachepa. Mtima unangoti myuu, ndimvekere ndamulodza mwana wanga ndi manja anga. Ndadinanso, wabwerera, wakula kuposa kale. Ndinati eya, kodi zimatheka eti."

"Ndiye mwayamba kutichepetsa?"

"Woimba amakula, wosaimba amachepa. Sindikondera."

Mzime anakhala pansi, pamwamba pa katani ya eni, misozi ya kuseka ikutsika. Mkulu wake anatola foni n'kuiyang'anitsitsa. Pakati pa galasi panali nkhope ya bambo wandevu, wovala chipewa, bokosi lake lalikulu ngati la mwana wobadwa m'nyumbamo.

"Nanga uyu ndani wandiposa ine?"

"Wokonza mipope. Ndikaimba amayankha."

"Amayi, ine ndimakutumizirani zithunzi tsiku ndi tsiku. Mawu ndimajambula, ndimatumiza. Pagulu la banja tonse tilipo, azakhali, amalume, asuweni, mpaka apongozi a achimwene. Inu nokha ndiye mulibepo, chifukwa chifoni cha Mzimechi chilibe pulogalamu imene dziko lonse likugwiritsa ntchito. Za mwana wa msuweni uja munamva liti? Atayamba kukwawa."

Apa kuseka kwa Mzime kunauma. Mawuwo anali oona, ndipo mawu oona ndi amene ankamupsetsa mtima kwambiri. Tsiku lililonse ankamva zomwezo mu shopu. Munthu ankatha kuigwira foniyo, kumwetulira, kuyamikira mitundu, kenako n'kufunsa za pulogalamu ija. Opanga mapulogalamu ankati sangavutikire foni yopanda anthu, anthu ankati sangagule foni yopanda mapulogalamu, ndipo pakati pa awiriwa panaima Mzime ndi tsache.

"Akuti ikubwera," anatero motsitsa mawu.

"Unanena zomwezo chaka chatha. Ikubwera wapansi?"

"Ndiye chilungamo chake n'chiti, asisi? Foni yabwinobwino ingofa chifukwa anthu akudikirana? Yanuyo amayi anaiyesa. Tizithunzi take ngati nsabwe, akafuna kuimbira ine akuyatsa wailesi."

"Zithunzi za mbale za chakudya ine sindizifuna," anatero amayi akubwezera nsalu pansi pa singano. "Ndimafuna mawu a mwana wanga, ndimufunse, andiyankhe."

Mkulu uja anawayang'ana, anayang'ana mng'ono wake, kenako anatulutsa foni yake m'chikwama n'kuimba ali chiimire pomwepo. Foni ya pa chitini cha mabatani inayamba kulira, kankhope kake kakuphethira. Amayi anaisiya ilire kaye, akumaliza mzere umene ankasoka. Atamaliza anaitola.

"Halo, ndani?"

"Ndine mwana wanu woyamba wamkazi, ndili m'nyumba mwanu muno."

"Oo, mwatikumbuka. Ana ali bwanji?"

Anacheza ndithu, wina apa wina apo, mpaka nkhani ya nsapato za kusukulu. Atadula, amayi anagwira kankhope kaja mpaka kananjenjemera, n'kudina kamodzi kokha. Kanakula pang'ono, koma wokonza mipope anali patsogolobe.

"Kotsalako ugwirire ntchito," anatero.

Lachisanu m'mawa mwini shopu anatsitsa makatoni opanda kanthu n'kuwaika patsogolo pa shelefu ya Mzime. Mzime anayamba kulongedza mafoni, selotepi akuidula ndi mano ngati ili ndi mlandu. Anali atatseka katoni yoyamba pamene chitseko chinamugunda pamsana.

Analowa amayi ake, atavala diresi yopitira kuchipatala. Pambuyo pawo panali gulu la amayi achikulire, ena ali ndi thonje pa diso limodzi, ena magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Anali anzawo a pamzere wa kuchipatala cha maso. Mzerewo umachedwa, ndipo amayi a Mzime anali atautha wonse akuonetsa anzawo mmene amalangira ana osatsegula pakamwa.

Mayi wina wamtali, woyenda ndi ndodo, anagogoda kauntala ndi ndodoyo.

"Tabwerera foni yochepetsa ana."

Mwini shopu anathamangira kumashelefu a mafoni otchuka, akumwetulira mpaka m'makutu, n'kuyamba kutchula makamera ndi mabatire. Mayiyo anayang'ana foni imodzi, anaibweza kutali, anaiyandikitsa pamphuno.

"Bambo, apa ndikuona nyerere zokhazokha. Mwana wa mnzathuyu ali kuti?"

Mzime anang'amba selotepi imene anali atangomata. Anawakhazika amayiwo pa makatoni ndi pa mipando yobwereka kwa wometa wapafupi, n'kuyatsa foni imodzi. Anajambula mayi wa ndodo, n'kumuika pabokosi lalikulu lofiira. Anamuchepetsa, anamukuza, anamusuntha kupita pamwamba. Shopu yonse inadzaza phwete.

"Mkamwini amatheka kumuchotseratu?" anafunsa wa thonje pa diso.

"Amatheka, mayi. Koma nambala yake imatsala mkati."

"Itsale, bola nkhope."

"Nanga abambo akunyumba, bokosi laling'ono kwambiri ndi limeneli? Palibe lina lochepera apa?"

Mayi wina wofatsa, amene anali chete nthawi yonseyi, anati aimbire kaye mwana wake amene amamugulira zinthu. Foni yake yakale inali yofuula, moti aliyense anamva yankho la mnyamatayo. Anati asayerekeze, foni imeneyo ilibe mapulogalamu, kampani yake mawa lomweli itseka, ndipo amene akuwagulitsayo akufuna kuwabera.

Mzime anayandikira mayiyo. Anafuna kulanda foniyo kuti amufunse mnyamatayo ngati yamatailosiyo anaigwirapo n'kamodzi komwe. Koma anayang'ana nkhope zokhala pa makatoni zija, ndipo anameza mawu oyambawo.

"Amayi anga, mwana wanuyo zina wanama, zina wanena zoona. Sindikuba ine. Koma pulogalamu ya magulu a mabanja mulibe muno, ndipo kuonerana nkhope ndi adzukulu akutali simungathe. Ndakhala ndikuuza anthu kuti ikubwera, lero sindinenanso. Za kampani, nanenso sindidziwa kuti ifika kuti. Chimene ndingalumbire n'choti mudzaimba nokha, osapempha munthu."

Kumbuyo kwa kauntala mwini shopu anagwira mutu ndi manja awiri.

Mayi wofatsa uja anadzuka, anapepesa bwinobwino, n'kunena kuti adzukulu ake onse ali kutali ndipo amakhalira kuona mano awo akamera. Mnzake wina anamutsatira. Mzime anawaperekeza mpaka pakhomo, mtima ukuwawa, koma sanawakakamize.

Atabwerera anapeza mayi wa ndodo atakumbatira bokosi la foni pachifuwa.

"Ine pulogalamu ndiidya? Ana anga onse ali m'tauni muno, mabasi akudutsa pakhomo pawo, koma mpaka ndidwale kuti ndiwaone. Ndipatse yofiirayi. Madzulo ano aona."

Otsalawo anagula, aliyense mtundu wake, ndipo Mzime anagwada pakati pawo akusamutsa manambala, akujambula zithunzi zakale zimene amayiwo ankatulutsa m'zikwama, zina za pa ukwati, zina za ana akadali ndi yunifolomu. Amayi ake ankazungulira ngati mphunzitsi wamkulu, akuwongola zala za anzawo. Aka kanali koyamba kuti anthu adzaze kuseri kwa chitseko, mpaka tsache analitulutsa panja.

Dzuwa litapendeka, galimoto ya kampani inaima pakhomo. Dalaivala analowa akukankha ngolo yonyamulira makatoni, n'kufunsa kuti katundu wobwerera ndi uti. Mwini shopu analoza mafoni otsala pashelefu, osayang'ana kumene kunali Mzime.

"Bwana, mukuwabweza?"

"Tinagwirizana kale, Mzime. Lero wagwira ntchito, sindikukana. Koma msika ndi achinyamata, ndipo achinyamata akufuna mapulogalamu." Anatsitsa mawu. "Agogo angapo sangadzutse kampani."

Maso a mayi wa ndodo anali ofooka, koma makutu ake anali a mtsikana.

"Akuti bwanji bamboyo?"

"Ndimati takulandirani, mayi."

"Mzere wa Lachisanu ndi waufupi," anatero amayi a Mzime, akutseka zipi ya chikwama. "Mukanaona wa Lachiwiri, umafika pa geti. Ndiye palinso a shuga ndi a miyendo. Koma tikabwera nawo n'kupeza zikwama za mafoni, atiphunzitsa ndani? Inuyo?"

Mwini shopu anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anawavalanso. Anayang'ana shelefu imene inali itatsala theka, anayang'ana dalaivala, anayang'ana denga.

"Tikambirana Lolemba."

Mzime anakoka katoni ija n'kuikhalira, patsogolo penipeni pa ngolo. Dalaivala anayesa kupita kumanzere, ndodo ya mayi uja inagona panjira. Anayesa kumanja, anapeza wa thonje pa diso atatambasula miyendo, akuchepetsa mkamwini wake mwachifatse.

"Lolemba pashelefu pano padzakhala fumbi lokha, bwana, ndiye tidzakambirana chiyani? Mafoniwa munawaika kuseri kwa chitseko, kenako n'kumati sakuoneka. Ine sindikuti tigonjetsa mashelefu enawo. Ndikuti anthu ake tawapeza, ndi awa akhala apawa, ndipo ena akubwera Lachiwiri. Dalaivalayu ali ndi kwina kopita, amayiwa mankhwala a m'maso akuwadikira kunyumba. Shelefuyi ikhala kapena ipita? Yankhani pompano, bwana, tonse tikumva."