Fungo la Mkunga

"Lowetsa manja onse awiri, suluma ayi," anatero mphunzitsiyo m'Chingerezi, ndipo mwana wanga Zulfa anapinda mikono ya juzi yake mpaka m'zigongono.

M'thankimo munali mkunga, nsomba yaitali ija yonga njoka, wakuda pamsana, wotuwa kumimba. Unkazungulira pang'onopang'ono ngati ukufunafuna khomo. Makolo ena anayandikira ndi makamera awo. Ine ndinaima kumbuyo pamodzi ndi alamu anga, Che Sheriff, mlongo wake wamkulu wa malemu mkazi wanga Rahima.

"Alamu, ndiye sukulu ya maginito ija ndi imeneyi?" anandinong'oneza. "Ine ndimayesa tipeza zitsulo. Kapena maginito ake amakoka nsomba?"

"Amakoka ana, alamu. Amaitcha choncho chifukwa imasonkhanitsa ana a mbali zonse za mzinda amene akufuna phunziro limodzi."

"Inutu a Seleman, nthabwala mumaiyankha ngati mayeso."

Linali Loweruka la mwezi wa Novembala, mu 2006, tsiku limene sukuluyo inatsegula zitseko kuti makolo ndi ana adzaone zimene imaphunzitsa. Inali m'mbali mwa mtsinje wa Potomac, mumzinda wathu womwewo wa Alexandria. Zulfa anali m'giredi eyiti, ndipo chaka chotsatiracho ankayenera kuyamba sekondale. Koma panja, m'buti ya takisi ya Che Sheriff, munali sutikesi yaikulu yopanda kanthu. Tinagwirizana kuti tikachoka kusukuluko tidzera kunyumba kwanga, tilongedze zovala za mwanayo, apite nawo ku Springfield kukakhala ndi amalume ake.

Rahima anamwalira chaka cha m'mbuyo mwake. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Mwambowu unawoloka nafe nyanja osanyowa. Apongozi anga ankaimba foni kuchokera ku Machinga, mawu awo akudukaduka: mtsikana ali pafupi kutha msinkhu, kodi mwamuna yekha m'nyumba angamulangize chiyani? Che Sheriff ndi akazi awo, a Rukaya, anali ndi nyumba yawoyawo, ana aakazi awiri, ndi bedi losagonedwa. Panalibe amene ankandilanda mwana mwankhanza. Ankangofotokoza, mwaulemu, mobwerezabwereza, ndipo nthawi zonse ine ndinkayankha mawu amodzi: "Ndamva."

Ndinaphunzira masamu, ndipo ntchito yanga inali yosanthula manambala pakampani ina yogwira ntchito za boma. Ndimadziwa kusiyana kwa "ndamva" ndi "ndavomera." Koma ndinkadziwanso mmene anthu akwathu amamvera mawuwo, ndipo sindinawakonze.

Zulfa sanalire atauzidwa. Anangopempha chinthu chimodzi: asanasamuke, tikaone kaye sukulu ya sayansi ya zam'nyanja imene anamva kwa aphunzitsi ake. Che Sheriff ankakana zambiri, koma sukulu sankaikana. Munthuyo ankayendetsa takisi mpaka msana kuuma kuti ana ake adzafike ku koleji.

Tsopano mwanayo anamiza manja m'madzi. Mkunga unadutsa pakati pa zikhatho zake, iye n'kuugwira, n'kuudzutsa pang'ono. Unapindika, n'kumuzenga padzanja. Makamera anathwanima.

"Mwaona?" anatero mphunzitsi uja, Mayi Callista, mayi wamfupi wovala nsapato zamphira zofika m'mawondo. "Ana ambiri amathawa. Uyu ndi wathu ndithu."

Che Sheriff anaseka monyadira. Ine ndinkayang'ana khosi la mwana wanga. Mtsempha unali utatupa, ndipo ankameza malovu kawirikawiri.

Mayi Callista anatiyendetsa m'zipinda. Anationetsa makina oonera tizilombo ta m'madzi, mathanki a nkhanu zobiriwira m'miyendo, ndi chipinda chozizira mosungira matope ochokera pansi pa mtsinje. Patebulo lina panali mabotolo awiri a madzi akuda. M'botolo limodzi anali ataikamo nkhono za m'nyanja m'mawa womwewo, ndipo madzi ake anali atayera kale moti munthu n'kuwerenga nyuzipepala kuseri kwake. Anati ana a chaka choyamba amaweta nkhono zoterozo, kenako n'kukazitsitsira ku nyanja ya Chesapeake kuti zikasefe madzi. Pawindo anatilozera boti la sukulu, loyera, litakocheza padoko. Mlungu uliwonse kalasi imodzi inkaphunzirira pamadzi. A chaka chomaliza ankatenga maphunziro amene koleji imawawerengera, ndipo ena ankagwira ntchito patchuthi ndi akatswiri a boma. Zonsezi popanda fizi.

Alamu anga ankagwedeza mutu pa chilichonse. Anasiya kugwedeza titafika padziwe losambirira.

"Mwana aliyense ayenera kusambira kuchoka tsidya lino kukafika tsidya linalo asanaloledwe kukwera boti," anatero Mayi Callista.

"Atavala chiyani?" anafunsa Che Sheriff, Chingerezi chawo cha m'takisi chili chakuthwa.

"Chilichonse chosamira nacho, bambo. Tili ndi atsikana Achisilamu amene amasambira atavala mpaka m'mapazi. Pali nthawi ya atsikana okhaokha."

"Ayankha ngati amandidikira," anatero alamu anga m'Chichewa, osakondwa kwenikweni kuti mtsutso wawathera msanga.

Ine ndinkayang'ana madzi obiriwirawo, fungo la mankhwala likundilasa m'mphuno, ndipo ndinakumbuka ulendo wathu wa ku Virginia Beach, Zulfa ali wamng'ono. Atangoona mafunde anakakamira chitenje cha mayi ake, ndipo tsiku lonse awiriwo anakhala m'galimoto akudya mtedza. Ndinakumbukanso usipa umene achibale ankatibweretsera kuchokera kumudzi. Rahima akangotsegula phukusi, mwanayo ankathawira kuchipinda n'kutseka mpata wa pansi pa chitseko ndi thaulo. Ndinadziuza kuti ana amasintha. Ndi yankho labwino kwa munthu amene safuna kufunsa.

Pomaliza tinakhala muholo, makolo akufunsa za mabasi ndi mayeso olowera. Che Sheriff anakweza dzanja.

"Mwana akamakhala ku Springfield, basi imafikako?"

"Springfield ndi dera lina la sukulu, bambo. Ife timalandira ana okhala mumzinda muno basi."

"Bambo ake amakhala muno. Adiresi ilipo."

"Adiresi yokha siikwanira. Mwanayo azigona komweko, ndi kholo lake, zaka zonse zinayi. Timafufuza ndithu, ndipo amene tawapeza akunama timawachotsa pakati pa chaka. Zinalembedwa patsamba loyamba la kabuku kamene tinapatsa ana."

Ndinatembenuka kuti ndione nkhope ya Zulfa. Mpando wake unali wopanda munthu.

Ndinamupeza kuseri kwa nyumbayo, pafupi ndi doko, atawerama pakapinga wouma. Anali atasanza kale. Manja anali atawatambasula kutali ndi thupi, ngati si ake. Mphepo yochokera kumtsinje inkaluma makutu.

"Ndasamba ndi sopo kangapo," anatero m'Chingerezi, osandiyang'ana. "Fungolo silikuchoka."

Ndinam'patsa mpango wanga wa m'thumba. Anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, mpangowo n'kungoufinya.

"Tsamba loyamba lija unaliwerenga," ndinatero.

"Ndinawerenga timabuku ta sukulu zambiri, Ababa. Zina ndi za nyimbo, zina za makompyuta, koma zili kutali kapena zimalandira aliyense. Iyi yokha ndi imene amalume sanganene kuti ku Springfield iliponso."

"Koma iwe madzi umawaopa."

"Ndiphunzira."

"Zaka zinayi, Zulfa. Boti mlungu uliwonse. Nsomba tsiku lililonse."

"Ndawerengera kale. Ndine mwana wanu."

Ndinafuna kumuuza kuti amalume ake ndi anthu abwino, kuti a Rukaya angamuphunzitse zimene ine sindingathe ngakhale kuzitchula, kuti Springfield ndi pafupi, sitima ya mumzinda imafikako. Zonsezi zinali zoona, ndipo ndinali nditaziyala bwino m'mutu mwanga kwa miyezi. Ndisanayambe, iye anadzuka n'kundiyang'ana. Zulfa Chichewa ankamva chonse, koma ankayankha m'Chingerezi kuyambira ali ku sukulu ya mkaka. Ulendo uno analankhula m'Chichewa, chopindika, mawu aliwonse akuwanyamula payekhapayekha ngati mbale zosweka.

"Ababa, inu mukufuna ine ndipite?"

"Si nkhani ya kufuna kwanga. Mwambo wathu umati..."

"Ine sindinafunse mwambo." Anabwerera ku Chingerezi. "Amama atamwalira munachotsa zithunzi zawo, munati fumbi. Agogo akaimba foni mumati ndamva. Amalume akabwera mumati ndamva. Ine ndagwira chinjoka chija kuti ndikhale nanu. Inu simungathe kunena mawu amodzi okha?"

Boti lija linkagunda matayala a padoko, gu, gu. Ndinalephera kumuyang'ana, choncho ndinayang'ana botilo. Zithunzi za Rahima zinali m'katoni pansi pa bedi langa, ndipo ndinkazitulutsa mwanayo akapita kusukulu, Lachisanu, ndikachoka kumzikiti msanga. Sindinamuuze zimenezo. Ndinangoti, "Tiye, kukuzizira."

Che Sheriff tinawapeza poimika magalimoto, atatsegula kale buti, akusuntha tayala lapadera kuti sutikesi ikadzadza idzakwane bwino.

"Mwana wa nsomba uja wabwera," anatero. "Sukulu ndi yabwino, mwanangu, sindikana. Koma kwathu ku Springfield sukulu zabwino ndi mbwee. Lowani, azakhali ako aphika."

Zulfa anagwira chitseko cha kumbuyo. Ine sindinasunthe.

"Alamu."

"Ee?"

"Mwanayu nsomba sazikonda. Madzi amawaopa. Wasanza kuseri uko."

Zulfa anandiyang'ana ngati ndamugulitsa. Che Sheriff anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

"Mukuyesa sindikudziwa? Usipa uja ndinkabweretsa ndine. Ndimafuna ndione kuti sewerolo lithera pati."

"Ndiye sukuluyi tiisiye pambali. Akafuna adzalembe mayeso, akapanda kufuna asalembe." Mawu anga anatuluka aang'ono, ngati a munthu wofunsa njira. "Koma asapite, alamu. Ndikumufuna. M'nyumba muja ndatsala ndi iyeyu basi. Zimene sindingathe kumulangiza ndidzam'bweretsa kwa a Rukaya Loweruka lililonse, ndidzagwada ngati n'kofunika. Koma azigona kwanga."

Banja lina linadutsa pafupi nafe, kamnyamata kawo katanyamula chibaluni chooneka ngati nkhanu. Che Sheriff anachiyang'ana mpaka chinalowa m'galimoto. Kenako anayang'ana Zulfa nthawi yaitali, ndipo ndikudziwa amene ankamuona, chifukwa mwanayo chipumi ndi cha mayi ake.

"Mlongo wanga anandigwira dzanja m'chipatala muja," anatero motsitsa. "Anati, achimwene, mwana wanga musamutaye. Inu munali panja, mukulankhula ndi adokotala za manambala. Ndiye lero ndikawauze chiyani amayi ku Machinga? Kuti ndamusiya ndi munthu amene chaka chonse sanatsegule pakamwa?"

"Ndiwaimbira ndekha."

"Adzalira. Mudzapirira kulira kwa nkhalamba pafoni, inuyo?"

"Sindikudziwa."

Anapukusa mutu, n'kupuma mozama mpaka nthunzi inatuluka m'kamwa. Ndinadikira kuti avomere kapena akane.

"Ndamva," anatero.

Ndinawayang'ana kumaso kuti ndione ngati akundibwezera dala. Nkhope yawo sinanene kanthu. Anatulutsa sutikesi ija m'buti, n'kuima nayo kwa kanthawi ngati aiwala kumene amapita nayo. Pobwera ndinakhala kutsogolo, pambali pawo, monga amakhalira amuna. Tsopano, Zulfa atalowa, ndinatsegula chitseko cha kumbuyo n'kukhala pafupi ndi mwana wanga. Iwo anaona, ndipo sutikesiyo anaikhazika pampando wakutsogolo n'kuimanga lamba.

Tinatuluka pageti. Pamphambano yoyamba, kumanzere kunali kwathu, kutsogolo kunali msewu waukulu wa ku Springfield, ndipo magetsi anali ofiira. Che Sheriff anali asanayatse indiketa. Zulfa anali atatsitsa galasi ngakhale kunkazizira, manja ake ali pamawondo, zikhatho zitaloza kumwamba, mutu ataupotolera kumphepo. Ndinatenga dzanja lake lamanja. Linali lozizira, lokhakhala ndi sopo wa kusukulu, ndipo fungo la mkunga linali likadalipo, la matope ndi mchere pang'ono. Anafuna kulibweza.

"Likununkha, Ababa."

Ndinalilowetsa m'thumba la jekete yanga, pamodzi ndi langa, ndipo tonse atatu tinakhala tikuyang'ana magetsi ofiirawo, sutikesi ili tsonga kutsogolo ngati mlendo amene sanauzidwe kumene atsikire.