Mizere ya Pensulo m'Buku la Esnat

Rodwell ankayeza mpunga m'golosale yake ya ku Lufita, koma maso ake anali pa buku limene analibisa kuseri kwa sikelo. Linali tsiku lachitatu akuliwerenga mobisa. Mkazi wake Esnat, amene anabwerera kusukulu ya masana kuti alembe mayeso a Fomu 4, anabwereka bukulo kwa aphunzitsi a Sichinga. Linkanena za mkazi wapabanja amene anatopa ndi mwamuna wake n'kuyamba kukumana ndi wina. Masamba ambiri anali ndi mizere ya pensulo.

Esnat atalowa ndi makope ake kudzatsanzika, Rodwell anaponya bukulo pa kauntala n'kumuuza kuti sukulu yathera pomwepo. Anati mphunzitsi wopatsa mkazi wa mwini buku lotere akumuphunzitsa njira, osati mayeso.

"Mapanga awiri avumbwitsa, mayi a Pempho."

"Nanga phanga limodzilo likamadontha?"

Esnat anamuuza kuti bukulo ndi la mayeso ndipo kalasi yonse ikuwerenga, kupatula ngati a Sichinga akufunsira anthu makumi anayi, amuna omwe. Kenako anamupempha kuti awerengenso bwino pamene iyeyo, osati a Sichinga, analembapo mizere.

Rodwell anatsegula monyinyirika. Pamene panali chibwenzi chija panalibe mzere ngakhale umodzi. Mizere inali pamene mkaziyo anadya yekha mwamuna ali kumalonda, ndi pamene anavala chovala chatsopano mwamuna n'kungomufunsa za makiyi. Rodwell anakumbukira maulendo ake okagula katundu ku Tunduma. Anayang'ana chitenje chimene Esnat anavala, koma sanadziwe ngati chinali chatsopano kapena chakale.

Rodwell anali atawerenga kale mpaka kumapeto, pamene mkaziyo ananyamula katundu wake osabwereranso.

"Ukudziwa mmene mkazi ameneyu wathera?"

"Sindinafikepo, bambo a Pempho. Musandiuze."

Esnat anatenga bukulo n'kuliika pakati pa makope ake. Rodwell anamutchingira pakhomo kanthawi, kenako anapatuka.

Anamuyang'ana akulowera kumsewu osacheuka. Ngakhale panali anthu awiri odikira mpunga, anawapepesa, n'kukhoma golosale dzuwa lili pamutu. Anamutsatira mofulumira. Kaya ankafuna kumuperekeza, kaya ankafuna kuona nkhope ya a Sichinga, mwini wakeyo sanadziwe.