Dashibodi Imene Inaona Chala cha Lifeyo

Lifeyo analota dzuwa lili paliwombo, atatsamira pampando wa galimoto ya kuntchito podikira abwana ake amene anali pamsonkhano. M'mawa wa tsikulo madalaivala onse a bungwe lawo anawaonetsa kanema wa magalimoto amene akubwera mtsogolomu, opanda mabatani, omva mawu, oyang'ana maso a woyendetsa. Anzake anawomba m'manja. Iye sanawombe.

M'malotomo anamupatsa imodzi mwa galimoto zimenezo. Kiyi panalibe. Atayandikira, galimoto inagwada ndi matayala akutsogolo, n'kuwomba zitseko kawiri.

"Mwaswera bwanji, a Nyoni?" inatero, kumutchula ndi chiwongo chake chimene kuntchito palibe ankachidziwa.

"Ndaswera, kaya inu?" anayankha Lifeyo. Anali munthu woleredwa bwino, sakanasiya moni kugwa pansi ngakhale uchokere ku chitsulo.

Mkati munalibe dashibodi imene iye anaizolowera. Mivi ija yoonetsa liwiro ndi mafuta panalibe, wailesi panalibe, ngakhale poika ndodo ya mswachi panalibe. Panali posalala ngati thebulo lopukuta. Galasi lonse lakutsogolo ndilo linali sikirini, ndipo zolemba zinkayandama pamsewu penipenipo. Pamwamba pa chiwongolero panali kadiso kakang'ono ngati nyemba, kakuphethira.

"Ine ndimamvera mawu anu ndi manja anu," inatero galimoto. "Chimene mwanena ndimachikhulupirira. Koma maso anu ndimawalemba."

"Zikomo," anatero Lifeyo, poti munthu ukapatsidwa chatsopano umathokoza kaye, kudandaula n'kwapambuyo.

Ananyamuka ulendo wa ku Blantyre. Lilongwe inatha asanakhale n'kukhala bwino. Phiri la Dedza linasuntha pang'ono kuwapatsa njira, kenaka linabwerera pamalo pake. Munthu aliyense amene anali m'mbali mwa msewu, galasi linkamulembera mawu pamutu. Pa mayi wina wosenza dengu linalemba kuti akupita kuchigayo, ndipo chimanga chake n'chobwereka kwa apongozi. Pa mbuzi imene inkadya chikatoni linalemba kuti ndi ya chinkhoswe cha mawa, koma sikudziwa. Lifeyo anaseka. Zinthu za eni ake zimakoma kuwerenga.

Pakona pa galasi panali nambala imene inkakwera pang'onopang'ono. Iye anayesa ndi liwiro.

"Si liwiro," inatero galimoto asanafunse. "Ndi anthu amene anakukwezerani dzanja inu osaima, chiyambireni ntchito."

"Lamulo la bungwe limaletsa matola."

"Lamulolo ndili nalo. Matumba a mbatata ndili nawonso."

Apa Lifeyo kuseka kunamuthera, ndipo nkhani ya matumbawo ndi iyi. Lachinayi lililonse iye ankadutsa pamphambano ya Tsangano popita ku Blantyre ndi makalata a kuntchito, ndipo abale ake onse ankadziwa zimenezi. Lachinayi lina la mwezi wa Okutobala amalume ake, a Ngozo, anadzuka chifuwa chitawathina. Mwana wawo Nangozo, msuweni wake wa Lifeyo, anawakweza panjinga yobwereka mpaka kumsewu, n'kuwakhazika pamphambanopo kuti Lifeyo akamadutsa awatengere kuchipatala kuboma. Iye anathamangira kunyumba kumene anasiya khanda.

Lifeyo anadutsadi. Amalume anawaona bwinobwino ataimirira, dzanja lili m'mwamba. Koma mipando yonse inali itadzaza ndi mbatata ya kachewere ndi kabichi zimene anagula pa Lizulu kuti akagulitse m'tauni, ndipo anaganiza kuti akuluwo akungofuna kukacheza kuboma monga mwa masiku onse. Ndiye anachita chimene madalaivala amachita akafuna kukana munthu mwaulemu. Analoza chala pansi n'kuchizunguza, kutanthauza kuti sindikupita kutali, ndili pompano. Kenaka anaponda moto mpaka ku Blantyre. A Ngozo anakafika kuchipatala dzuwa litapendeka, pamwamba pa lole, ndipo anatsirizika asanawagoneke pabedi.

Pamaliro atamufunsa, Lifeyo ananena kuti tsikulo anadzera msewu wa ku Salima. Bodza lake linali lalifupi, koma mlandu wonse linautula pamutu pa Nangozo. Azakhali anati mwana wanji wotaya bambo ake padzuwa osatsimikiza kuti galimoto ibwera. Chakudya chophika Nangozo azakhaliwo anasiya kudya. Loweruka likubwerali abale anapangana zokumana kuti amulande dimba la bambo ake, poti wopha njuchi sadyanso uchi wake, anatero azakhaliwo. Lifeyo zonsezi ankazidziwa, ndipo zinkamudya mumtima tsiku ndi tsiku. Koma manyazi anali atamukulira kuposa chisoni.

"Kamera yakumbuyo yayaka," inatero galimoto.

Pakati pa galasi panatseguka kabokosi. M'kabokosimo munalibe msewu umene anausiya kumbuyo. Munali a Ngozo, atavala jekete lawo la kutchalitchi, buku la kuchipatala lili m'pepala la shuga kukhwapa, dzanja lili m'mwamba. Galimoto inkathamanga koma iwo sankachepa.

"Zimitsani icho," anatero Lifeyo.

"Kamerayi imazimitsidwa ndi dzanja. Pukusani ngati mukuingitsa ntchentche."

Lifeyo anakweza dzanja kuti apukuse. Dzanjalo linakana. Chala chinadziwongola chokha, chinaloza pansi, n'kuyamba kuzungulira monga chinazolowera.

"Mwati muli pompano," inatero galimoto. "Ndamva."

Indiketa inayaka yokha. Anasiya phula n'kulowa kanjira kafumbi. Anadutsa pakati pa tchalitchi anthu akuimba, ndipo oimbawo anangopinda miyendo kuti matayala adutse. Anatulukira kukhomo lakumbuyo n'kupezeka mumtsinje, madzi akuyenda pamwamba pa denga, nkhanu zikuwerenga zolemba za pagalasi kuchokera kunja. Atavuuka anapezeka pamphambano ya Tsangano. Galimoto inakhotanso, inadutsa m'chigayo, inadutsa m'kalasi ya ana a sitandade 2 amene anaimirira kupereka moni, n'kutulukiranso pamphambano yomweyo.

"Tiyeni tidzere ya ku Salima," anatero Lifeyo.

"Pepani, a Nyoni. Msewu umenewo sunayendedwe Lachinayi lija. Pamapu anga palibe."

Galimoto inaima. Kutsogolo kwa mpando wakumanzere kunatseguka kabati imene poyamba sinkaoneka. Munatuluka kutentha kwa mwezi wa Okutobala, fumbi, ndi kulira kwa nyenje. Kenaka munatuluka nsapato, mwendo, ndi a Ngozo athunthu. Anakhala pampandopo, anakonza jekete, n'kuika buku lawo pamiyendo. Pagalasi panalembedwa kuti pampando wakumanzere palibe munthu.

"Wachedwa, mphwanga," anatero a Ngozo. "Koma wabwera."

"Malume, muli bwanji?"

"Ndili bwino. Chifuwa chija chinasiya."

A Ngozo anasisita posalala paja ndi chikhatho, monga ankachitira akamayesa thabwa ngati lapalidwa bwino.

"Galimoto yabwino," anatero. "Koma ilibe poika chipewa."

"Malume, tsiku lija..."

"Tsiku lija unandilozera pansi. Ndinamva kuti uli pompano, ungotula katundu n'kubwerera. Itangotha mphindi pang'ono inabwera minibasi. Kondakitala anachita kundigwira mkono, akuti madala kwerani, nkhope yanuyo sikuoneka bwino. Ndinati ayi, mphwanga wangokhota apa, ndikakwera yanuyi adzandisowa. Yachiwiri ndinaiuza chimodzimodzi. Yachitatu anandiseka."

Ananena zimenezi mosadandaula, ngati akufotokoza za mvula ya chaka chatha. Lifeyo akanakonda akanamutukwana. Miyezi yonseyi ankadzitonthoza kuti mwina magalimoto anasowa tsikulo, kuti mwina ngakhale akanaima sizikanasintha kanthu. Tsopano anaona kuti amalume ake sanaphedwe ndi kusowa kwa galimoto. Anaphedwa ndi kumukhulupirira iye. Misozi inatsika, ndipo kadiso kaja kanaphethira n'kulemba pagalasi kuti woyendetsa sakuona bwino msewu.

"Tiyeni kuchipatala, malume," anatero. "Iyi imathamanga, tifika pompano."

"Ndinafika kale. Ine ulendo wanga unatha."

"Nanga ndichite chiyani?"

"Iwe ukuyesa amene unam'siya padzuwa ndine. Ine ndinakhalapo tsiku limodzi lokha. Nangozo ali pomwepo mpaka lero. Kam'tenge."

Atatero anatsegula kabati ija, analowetsa mwendo, n'kubwerera mkati mosamala kuti asadetse mpando. Kabati inatsekeka, posalala paja panabwerera mwakale.

Galimoto sinadikire kuuzidwa. Inayenda chafutambuyo, mitunda ndi zigwa zikubwerera, mpaka inakaima pabwalo la nyumba ya a Ngozo. Nangozo anali pakhonde akumanga anyezi m'mitolo, khanda lili kumbuyo. Anali atawonda. Uyu ndi msuweni amene kale akangomuona Lifeyo ankakuwa kuti mwamuna wanga wabwera, wandigulira chiyani, mudzi wonse n'kuseka. Tsopano anangodzutsa mutu n'kuyang'ana galimotoyo ngati akuyang'ana mtambo. Pamutu pake galasi linalemba mawu amodzi okha, akuti akudikira.

Lifeyo anafufuza chogwirira chitseko. Panalibe.

"Zitseko za masiku ano zimatseguka ndi mawu," inatero galimoto. "Ndikufunsani funso limodzi. Lachinayi lija munadzera kuti?"

"Ku Salima."

Chitseko sichinagwedezeke. M'galimoto munayamba kutentha.

"Kapena ndinadzera konkuno," anatero Lifeyo. "Masiku amasokoneza. Koma pamphambano pamachuluka anthu, munthu sungaone aliyense."

Galimoto sinatsutse. Inangofafaniza zonse pagalasi n'kuikapo maso ake a tsiku lija, aakulu ngati mbale, kudzaza galasi lonse. Iye anakhala pampando n'kumadziyang'ana. Anaona masowo akuchoka pamsewu, akutembenukira kumanzere, akuima. Pakati pa diso lililonse panali kamunthu kovala jekete. Masowo anakhala pamenepo nthawi yokwana kupuma katatu, kenaka anathawira pagalasi loonera kumbuyo kukayang'ana matumba, n'kubwerera pamsewu.

"Ndifunsenso?" inatero galimoto.

Kutentha kunakula. Kunali kutentha kwa pamphambano paja, kwa munthu wokhala pamwala kuyambira m'mawa. Malaya anam'mamatira. Kunja Nangozo anaimirira, anayandikira, n'kuphimba nkhope ndi manja m'mbali kuti asuzumire pagalasi lakuda la chitseko. Mphuno yake inali pafupi kwambiri moti Lifeyo ankaona mpweya wake ukuchita nthunzi pagalasi. Koma Nangozo sankamuona. Kumbuyo kwake azakhali ndi abale ena anali atayamba kufika, aliyense atanyamula kampando kake, ndipo wina anali atasenza dimba lonse pamutu, anyezi akulendewera.

Lifeyo anatsegula pakamwa kuti anene zoona. Munatuluka mbatata. Inagwera pamiyendo n'kugubudukira pansi pa buleki. Anayesanso, munatuluka ina. Zinkatuluka imodziimodzi, zadothi lofiira, mpaka zinafika m'mawondo, zinafika m'chiuno. Galimoto inanena mwaulemu kuti katundu wapyola muyezo. Nangozo anagogoda pagalasi kamodzi, anadikira, n'kuyamba kutembenuka kuti azipita kumene abale anakhala.

Lifeyo analavula yomaliza, anakoka mpweya, n'kukuwa dzina la Nangozo.

Anadzidzimuka ali pansi pa mtengo pamene anaimika galimoto, mthunzi utasuntha, dzuwa likumuwotcha kumaso. Dashibodi yakale inali pomwepo ndi fumbi lake, mivi yonse itagona. Sinkadziwa kanthu ndipo sikanauza munthu. Akanatha kupukuta thukuta, kugula madzi ozizira, n'kudikira abwana ngati kale. Koma mlandu suwola, ndipo iye anali atatopa kuusenza.

Anatulutsa foni. Inaitana nthawi yaitali.

"Halo?" Kumbuyo kunkamveka khanda likulira.

"Nangozo, ndine Lifeyo."

"Ndamva mawu. Muli bwanji, asuweni?"

"Sindinadzere ku Salima. Amalume ndinawaona. Anandikwezera dzanja, ine n'kuwalozera kuti ndili pompano, kenaka n'kupita. Wolakwa ndine, si iwe ayi."

Khanda linaleka kulira. Lifeyo anayang'ana foni kuona ngati yaduka, n'kuibwezera kukhutu.

"Ogulitsa tomato a pamphambano anandiuza tsiku lomwe tinaika maliro," anatero Nangozo. "Ndinangoti ndione ngati pakamwa panu padzatseguke pokha."

"Undikhululukire, msuweni wanga."

"Pafoni pano ndamva ndine ndekha, ndipo ine ndimadziwa kale. Mubwere Loweruka mudzanene azakhali ali pompo."