Nsomba ya Diso la Chitowe

Keke ya mwezi ya mtedza ine sindiikonda. Kwathu palibenso amene amaikonda. Bambo amati imakoma ngati utuchi wothira shuga. Komabe chikondwerero cha mwezi, chomwe timadyera makekewa, chisanafike, ndinali nditagula zambiri moti kabati yanga ya zovala inkanunkha mtedza.

Wochititsa ndi Chi Hang, mwana wa Mayi Tam, omwe ali ndi sitolo ya makeke pakona ya msewu wathu ku Foshan. Tinamaliza limodzi sukulu chaka chino, koma sindinamulankhulepo. Ine ndikawona munthu amene mtima wanga wamufuna, lilime limauma. Tsiku loyamba kulowa m'sitolomo ndinkafuna keke ya dzira la bakha lamchere pakati. Atandifunsa, mawu anakana kutuluka, ndiye ndinangoloza. Chala chinaphonya n'kuloza ya mtedza.

"Ya mtedza?" anatero Chi Hang, nkhope itawala. "Pui San, ndiwe woyamba wa msinkhu wathu kuifuna. Izi ndimapanga ndine, amayi sandilola kukhudza za mazira."

Ndikanatani? Ndinagwedeza mutu. Kuyambira pamenepo ndikangolowa, iye ankatenga ya mtedza pashelefu yakumbuyo, n'kuikulunga osafunsa. Ine ndinkamuyang'ana manja, kekeyo ayi.

Kutaya chakudya ndimaopa, choncho ndinapeza njira. Nyengo imeneyi mabokosi a makeke amangoyenda khomo ndi khomo. Bambo akalandira kuntchito, amayi satsegula, amangopukuta fumbi n'kupereka kwa achibale, achibalewo n'kupatsanso ena. Ine ndinkatsegula mosamala, kuchotsa za mazira, kuikamo za Chi Hang, n'kumanganso riboni. Za mazirazo ndinkadyera kuchipinda. Ndisaname, sindinamvepo chisoni. Ndinanenepa pang'ono.

Bokosi lokongola kuposa onse linali lofiira, lochokera ku hotela ina yaikulu ya ku Guangzhou. Amayi analipereka kwa Azakhali Achitatu, alongo awo a bambo, ine nditalikonza kale.

Kutatsala tsiku limodzi kuti chikondwerero chifike, azakhaliwo anafika kwathu masana, bokosi lili m'manja.

"Pui San, vala nsapato undinyamulire ili. Tikupita kwa Mayi Tam."

"Azakhali, makeke kukapereka kwa wophika makeke?"

"Sindikukawapatsa, ndikukawaphunzitsa. Dzana pa masewera a mahjong ankanena kuti za ku hotela ndi bokosi chabe. Lero akalawe, atseke pakamwa."

Ndinati m'mimba mukundipweteka. Iwo anati kuyenda kumachiritsa.

M'sitolo munali fungo la mafuta otentha ndi shuga. Chi Hang anali kuseri kwa tebulo, akumenya chikombole chamtengo kuti keke igwe. Atandiwona anamwetulira n'kutembenukira kushelefu yakumbuyo ija. Ine ndinayang'ana pansi.

"Achemwali, ikani tiyi," anatero azakhali, akumasula riboni. "Ndakubweretserani sukulu."

"Sukulu yake ya m'bokosi?" anayankha Mayi Tam akupukuta manja. "Inu mukanakhala keke, bwenzi pepala lokutira likuposa zamkati."

"Nsanje imeneyo. Bweretsani mpeni."

Azakhali sanayang'ane n'komwe. Anadula imodzi, kuponya chidutswa m'kamwa, n'kutsinzina.

"Mwamva? Mtedza wake ukuchita kulankhula. Umu ndi mmene amaphikira anthu odziwa. Osati zanu zija zothyola mano."

Mayi Tam anatenga keke ina m'bokosimo, kuitembenuza, n'kuiyandikiza kumaso. Pamwamba pake panali nsomba yoduka mchira. Chikombole chawo chakale chinabenthuka pamenepo, msewu wonse umadziwa.

"Bwerezani, achemwali. Mwati amaphika ndani?"

"Anthu odziwa."

"Chi Hang, bwera kuno. Azakhali a Pui San akuti ndiwe wodziwa."

Azakhali anasiya kutafuna. Anayang'ana nsomba, anayang'ana chikombole chili m'manja mwa mnyamatayo, kenako anameza movutikira.

"Ndiye kuti a hotela amagula kuno n'kuika m'mabokosi awo," anatero. "Akuba ovala mataye."

"Kaya," anatero Mayi Tam, akuseka mpaka kugwira tebulo. "Idyaninso. Ikuchita kulankhula."

Awiriwo anapitiriza kulumana, koma ine ndinkayang'ana Chi Hang. Iye sankaseka. Anatola keke imodzi n'kubwera nayo kumene ndinaima, pafupi ndi nyali zamapepala zogulitsa.

"A hotela sagula kuno," anatero chapansipansi. "Tawona apa."

Nsombayo inali ndi diso, kanjere kamodzi ka chitowe chakuda.

"Zogulitsa ena zilibe maso. Ndinkaika pa zako zokha. Ndimadikira tsiku limene udzanene kuti waliwona."

Makutu anga anatentha. Makeke onse aja, nsomba zonse zija zinkandiyang'ana, ine n'kumazitumiza kwa achibale. Ina mwina inali itafika kale ku Shenzhen.

"Sunadyeko ngakhale imodzi?" anafunsa Chi Hang.

Ndinapukusa mutu.

"Nanga unkaguliranji?"

Funso limeneli yankho lake ndinali nalo. Chala changa chinayamba kudzuka chokha kuti chiloze chinachake, chilichonse. Ndinachigwira ndi dzanja linalo. Ndinadziwa kuti ndikangolozanso, ndituluka m'sitolo muno ndipo sindidzalowamonso.

"Ndimakonda za dzira," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana wa mphaka. "Koma za dzira amagulitsa ndi amayi ako."

Makutu akenso anafiira, kuyambira kunsonga.

"Ndi zoipa chonchi?" anafunsa, akuyang'ana keke yake.

"Azakhali azikonda."

Anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka amayi ake anacheuka. Atawona kuti abwerera ku mkangano wawo, anatambasula dzanja mwakachetechete n'kutenga keke ya dzira m'thireyi ya amayi akewo. Anaidula pakati, dzira n'kuwoneka lachikasu, lonyezimira mafuta. Theka lalikulu anandipatsa ine.

"Koma pali mlandu," anatero. Anadula kachidutswa ka ya mtedza, kamene kanali ndi diso, n'kukaika pamwamba. "Uyambe aka."

Ndinakatafuna. Bambo sananame, ndi utuchi ndithu. Ndinameza, iye akundiyang'anitsitsa.

"Bwanji?"

"Diso lake ndi lokoma," ndinatero.

Potuluka, azakhali anandisenzetsanso bokosi lija, akuti akalipereka kwa amalume a ku Shunde, omwe mano awo ndi olimba. Tili m'njira anandiyang'ana cham'mbali.

"Iwe, m'mimba muja mwaleka?"

"Mwaleka, azakhali."

"Ndinakuuza. Kuyenda kumachiritsa."