Bwato la Don Anselmo

Chikho cha yeriba, tiyi wamasamba womwa mopatsirana, chinamulumpha Dokotala Zabala kachiwiri. Nélida anachidzaza madzi otentha, nakonza kabango kake kachitsulo, nachipereka kwa mchimwene wake Osvaldo, dzanja likudutsa pamphuno penipeni pa mlendoyo. Kwathu kuno, m'mbali mwa mtsinje wa Paraná, chikho chikamazungulira ngakhale mdani sumulumpha. Amayi awo, Doña Elvira, anaona koma anangopitiriza kuyendetsa zala pa kolona.

Panali patatha masiku atatu chiikireni m'manda bambo awo, Don Anselmo. Zabala, wozula mano amene tsopano anali wapampando wa kalabu ya osambira, anabwera ndi maluwa ndiponso pempho.

"Lamlungu kuli mpikisano wathu wowoloka mtsinje," anatero. "Komiti yagwirizana kuti uzitchedwa dzina la malemu. Ndiye bwato lawo lija tikufuna tilipake penti, tilipachike kudenga mu holo, ana azilionera."

"Kudenga?" anafunsa Nélida. "Lasanduka mleme?"

"Achemwali, tamverani kaye," anatero Osvaldo. "Umenewu ndi ulemu."

"Iwe khala chete. Ulemu ukuudziwa iwe?"

Kalabuyo anaiyambitsa ndi Don Anselmo, chaka chimene madzi osefukira anatenga ana anayi a asodzi. Panalibe holo, panalibe dziwe lomanga. Panali chingwe, machubu akale a matayala a lole, ndi bwatolo. Kwa zaka makumi anayi ndi zisanu anaphunzitsa kusambira aliyense wobwera kugombe, ndipo mwana wofika ndi njala ankayamba wamugawira buledi. Kenaka kalabu inalemera, inamanga dziwe la matailosi, ndipo tsiku lina kunabwera kalata yonena kuti wopanda satifiketi asaphunzitsenso.

"Inuyo a Dokotala," anatero Nélida, "amene munkalira mamina ali chuchuchu mutakakamira chubu, bambo atakugwirani pachibwano, ndi amene munasaina kalata ija."

"Nélida, anatikakamiza ndi a inshuwalansi. Ine ndekha sindikanatha..."

"Nanga kabuku kokumbukira zaka makumi asanu za kalabu kaja analembanso a inshuwalansi? Zithunzi zanu masamba atatu. Dzina la bambo lili kumapeto, pansi pa wotchetcha kapinga! Anakawerenga atakhala pampando umene mwakhalapowo, n'kunena kuti zithunzi zatuluka bwino. Lero amwalira, akoma. Mukufuna bwato chifukwa bwato silingakuyang'aneni m'maso."

Zabala anazunguliza chipewa m'manja. Osvaldo anayang'ana kunja, kumene kabudula wosambirira wa bambo awo anali akadali pachingwe. Palibe amene anali atalimba mtima kukamuchotsa.

Doña Elvira anapsompsona mtanda wa kolona, naika m'thumba. Anatenga chikho m'manja mwa Osvaldo, nachidzaza yekha, nachipereka kwa mlendoyo.

"Imwa, mwanawe. Wayenda padzuwa." Anadikira mpaka atamwa. "Ndifunse chimodzi. Lamlungu ndani adzapalase kumbuyo kwa wotsiriza?"

"Tili ndi maboti awiri a injini, amayi."

"Amenewo amatsata otsogola, kumene kuli ojambula. Ndikufunsa za wotsiriza."

Zabala anabweza chikho kwa Doña Elvira.

"Amayi, mukunena chiyani?" anafunsa Nélida.

"Bambo ako ndiwo ankapalasa kumbuyo kwa wotsiriza. Chaka chilichonse, ngakhale kalata ija itabwera."

"Ayi. Tsiku la mpikisano ankapita kokawedza. Ndinawalumbiritsa ndine kuti asadzapondenso kumeneko."

"N'chifukwa chake ankati kokawedza. Unawaonapo atabwera ndi nsomba?"

Nélida anatembenukira Zabala. "Inu munkadziwa?"

"Tinkawaona patali," anayankha motsitsa mawu.

"Munkawaona. Nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri ikupalasa yokha, ikusamala anthu anu, inu mukugawana zikho kumtunda. Ngakhale kapu ya madzi?"

Anaimirira, natenga maluwa aja patebulo. Osvaldo anaganiza kuti awataya pakhomo, koma anangowaimika m'ndowa.

"Dzinalo, akalola amayi, tengani. Simungalidetse kuposa apa. Bwato silikwera kudenga."

Lamlungu m'mawa osambira makumi asanu ndi limodzi anadumphira m'madzi kuchokera pachilumba. Wapazokuzira mawu anatchula dzina la Don Anselmo kasanu ndi kawiri, ndipo Nélida, ali m'bwato la bambo ake, anawerenga konseko mano atalumana. Osvaldo anali atamukankhira bwatolo m'madzi, atamuikiranso botolo la madzi pansi pa mpando. Nkhafi zinali zosalala pogwirira, zitakumbika molingana ndi manja akuluakulu kuposa ake.

Maboti a injini anapita ndi otsogola. Pasanathe ola, kugombe kunayamba kumveka nyimbo ndi kuwomba m'manja. Pakati pa mtsinje panatsala kapu imodzi yachikasu yovala kumutu posambira, ikumira ndi kutumphuka. Anali Doña Pocha, wogulitsa buledi pafupi ndi tchalitchi, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zinayi, amene anaphunzira kusambira atakhala kale ndi zidzukulu.

Nélida anayandikira chakumunsi kwake, kuti madzi akamukokolola amuwakhe. Mtima unali ukuwirabe. Anthu onse aja kumtunda, panalibe ndi mmodzi yemwe woyang'ana kuno.

Doña Pocha anagona chagada, akupuma movutikira, nalavula madzi.

"Ndiwe Nélida? Ambuye akudalitse. Ndimati chaka chino ndili ndekha."

"Gwirani bwato, amayi, ndikukwezeni. Mphatso agawana kale."

"Ndikwere? Ndakuuza kuti ndatopa?" Anaseka, natsamwa, natsokomola. "Koma waima polakwika, mwanawe. Bambo ako sankakhala kumunsi ngati wodikira mtembo. Ankakhala kumtunda uko, kochokera madzi, bwato atalipingasa, kuti madzi aziyamba amenya iwo. Zaka zitatu ndinkadzitama kuti mtsinje wafooka, osadziwa."

Nélida anayang'ana kumene madzi ankachokera, ofiirira, olemera, atanyamula zinyalala za kumadambo. Anagwira nkhafi zonse ziwiri. Anapalasa mozungulira, nakwera kumtunda kwa mayiyo, napingasa bwato. Nthawi yomweyo mtsinje unaligunda m'nthiti, nkhafi zinalemera, mapewa anayamba kuyaka. Kuseri kwa bwato madzi anafatsa pang'ono, ndipo kapu yachikasu ija inatembenuka, niyambanso kuyenda.