Calandria M'tchire la Mío-mío

Wilmar anatulukira pamsasa akuthamanga, chingwe chopanda hatchi chili m'manja. Pamtengo pomwe anamangirira hatchiyo, Calandria, m'mawa panangotsala ndowe.

"Mayi Herminia! Hatchi ija yamasuka!"

Mayi Herminia, eni malo ogonapo anthu oyenda pahatchi kumapiri a Tacuarembó, ankatembenuza nyama pamoto. Anapukuta manja mosafulumira.

"Hatchi simasuka yokha, bambo. Nenani kuti mfundo yanu ndi ya m'tauni."

Anakaipeza kuseri kwa mpanda, mutu uli pansi, ikudya mosatekeseka. Koma Wilmar ataona pomwe inaima, anaika manja kumutu. Inali pakati penipeni pa mío-mío, katsamba kobiriwira kapoizoni kamene ziweto za kuno zimakalambalala. Hatchi yachilendo siikadziwa. Imangodya, ndipo mawa lake mwini wake amakhala akukumba dzenje.

N'chifukwa chake hatchi yochokera kutali ikafika pachipata, Mayi Herminia amafikisa masamba a katsambako n'kuipaka m'nkhama, kuti ikade mpaka kalekale. Dzulo lake Wilmar anakana. Munthu woyendetsa basi ku Montevideo, amene pahatchi amakwerapo kawiri pachaka, anatukula chifuwa n'kunena kuti m'kamwa mwa hatchi ya apongozi ake simulowa zitsamba zakutchire. Nzeru za anthu a m'tauni nthawi zina zimatopetsa zedi.

Ndipo inalidi ya apongozi. A Eusebio anailera okha kuyambira ili kamwana, ndipo chimwalirire akazi awo, Calandria ndiye ankacheza nawo m'mawa uliwonse.

Wilmar anaikokera kunja.

"Yadya? Mayi, tandiuzani, yadya?"

"Ine ndinali pamoto, ndidziwa bwanji?"

"Tiitane dokotala wa ziweto!"

"Muitaneni, akapezeka. Koma ngati yadya, jakisoni wake kulibe. Timangodikira basi."

Mkazi wake, Griselda, anali atapita wapansi ndi amayi anzake kukasamba kumathithi. Wilmar anakhala pachitsa yekha, maso ali pamimba pa hatchi. Ikagwedeza mchira, mtima wake unkadumpha. Itamwa madzi, anafunsa ngati kumwa koteroko n'kwabwino. M'mutu ankayesa mawu okauza apongozi, koma onse ankathera panjira. Mantha anamugwira, ndipo manyazi anamugwira kuposa mantha.

Munthu wina wa patenti yoyandikana anamubweretsera tiyi wotentha wa kuno wotchedwa mate.

"Imwani, achimwene. Mukapitiriza kuiyang'anitsitsa chonchi, ibereka mapasa."

Wilmar sanaseke.

Patapita ola lathunthu, Mayi Herminia anabwerera kuseri kwa mpanda kuja. Anawerama, nayenda pang'onopang'ono akuunguza pansi, kenako anakodola Wilmar.

"Tabwerani, a dalaivala. Taonani apa. Udzu wametedwa mpaka pansi, kuzungulira tsinde lililonse. Koma katsambaka? Ngakhale nsonga imodzi sinadulidwe. Hatchi iyi ikukadziwa. Alipo anaiphunzitsa."

"Ndani? Kwa apongozi kulibe zimenezi."

"Ine ayi. Munandikaniza pamaso pa anthu."

Ali chiimire choncho, amayi aja anatulukira akuseka, matawulo ali m'khosi. Griselda anaona nkhope ya mwamuna wake, naona hatchi, naonanso tchire lija.

"Mwatani inu? Mwatuwa ngati mwadzuka m'chipatala."

"Calandria analowa mu mío-mío."

"Ndiye?"

"Ndiye? Ukuti ndiye?"

"Ndinamupaka m'mawa, inu muli kumtsinje kulimbana ndi mbedza. Ndinathyola masamba pafupi ndi chipata. Analavula dovu mpaka kundinyowetsa bulauzi."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndikuuzeni kuti muyambirenso ulaliki wa dzulo uja? Makutu anga sanapole."

Wilmar anakhala pansi paudzu pomwepo, nayamba kuseka, misozi ikutsika yokha. Mayi Herminia anagwira Griselda paphewa.

"Mwana wanga, chaka chamawa udzabwere ndi hatchi yokha. Awa udzawasiye kubasi."

Calandria anali atayambiranso kudya, osadziwa kuti watsala pang'ono kupha munthu ndi mtima.

Griselda anati nkhaniyo ithere pomwepo, bambo ake asaimve. Koma Wilmar anakana. Anakwera kaphiri ka kuseri kwa matenti komwe foni imagwira, naimba.

"Bambo, ndine Wilmar. Calandria ali bwino, koma lero ndikanamupha."

Anafotokoza zonse, kuyambira kukana kwa pachipata mpaka mfundo yomasuka ija, osabisa kanthu.

"Griselda anamupaka?" anafunsa a Eusebio.

"Anamupaka, bambo."

"Ndiye mukudzizunziranji, akamwini? Hatchiyo sindinapereke m'manja mwanu ayi. Ndinapereka m'manja mwa mwana wanga. Inu ntchito yanu inali kuyendetsa galimoto."